Mamendulo a agogo a Keyala achita zobiliwira, wina akufuna kugula, nditani?

Wobisa dzina:
Admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali abale. Agogo anga aamuna obereka mayi anali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo lija la nthawi ya atsamunda, anapita kunkhondo ali mnyamata nkubwerako ndi mamendulo. Iwowo anatisiya ine ndili ku pulaimale, mamendulowo amangokhala mu kachitini ka bisiketi mu thiranki ya agogo aakazi. Ndiye agogo aakaziwo atisiya chaka chino ndipo zimene zinachitika pamaliro paja Mulungu yekha akudziwa, amalume anatenga njinga ndi malata amene ndinagula ineyo ndi ndalama za geni yanga ya kaunjika, akazi awo anazula mapoto ndi zitenje zonse tisanabwere nkomwe kumanda, ine amene ndinagonera agogo kuchipatala miyezi itatu pasimenti sanandipatse olo supuni. Thiranki anaisiya poti inanyowa, denga limadontha pakona pomwepo. Kutsegula ndapeza mamendulo aja achita zobiliwira ngati ndele, tinsalu take tadyedwa ndi njenjete, kamodzi kangotsala ulusi. Imodzi ndinayamba kuitsuka koma yasintha mtundu ndiye ndachita mantha ndasiya. Pano kuli bambo wina wa m'tauni wamva, akuti ndimugulitse onse ndipo akundiimbira daily. Mwana wanga ali folomu 3 fizi sindinamalize, bambo ake musandifunse. Usiku sindikugona, ndikumaona ngati ndawalakwira agogo. Ndiwatsuke ndi chani, nanga ndigulitse kapena ayi?

Mayi a Mapasa:
Pepani ndi maliro asisi. Koma amalume anuwo ndi chimodzimodzi alamu anga, bambo a ana atamwalira anabwera ndi lole mpaka anazula bafa. Musawauze za mamendulozo, mudzalira.

Mdzukulu wa Sajeni:
OSAGULITSA. Ndabwereza, OSAGULITSA. Inu mukudziwa kuti anthu amenewa anaona zotani? Agogo anga anali mu 1 KAR, gulu loyamba la Keyala, mu 1940 anali pa Moyale kumalire a Kenya ndi Ethiopia kulimbana ndi Mataliyana, mukamamva Moyale Barracks ku Mzuzu dzinalo linachokera kumeneko. Ena anawatengera ku Madagascar mu 1942, ena mu 1944 anakwera sitima mpaka ku Burma kukamenyana ndi Majapani m'chigwa cha Kabaw, mvula osakata, matope mpaka m'mawondo, malungo kugwetsa anthu tsiku ndi tsiku. Munthu wochokera kwa Chikowi kukafera ku mtsinje wa Chindwin kumene mayi ake sangatchule nkomwe. Ndiye lero mdzukulu akapereke zimenezo kwa vendala chifukwa cha fizi ya teremu imodzi? Amalawi tinalodzedwa ndi ndani kodi?

Wa ku Joni:
Akulu fizi simulipira inu. Mendulo sadyera nsima. Mayiwa afunsa zotsukira, sanafunse history.

Mdzukulu wa Sajeni:
Wa ku Joni nde vuto lanu limenelo, chilichonse ndi nsima. Pitani ku Zomba mukaime pa chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks muwerenge mayina alembedwa pamenepo kenako mubwere mudzandiuze za nsima.

Aphunzitsi opuma:
Mayi, musanachite chilichonse tiuzeni: alipo angati, ndi ozungulira kapena ngati nyenyezi, ndipo m'mphepete mwake mwalembedwa dzina ndi nambala kapena ayi? Ndafunsa chifukwa a nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918, ija makolo ankaitcha ya Chiwaya, ankadinda nambala, udindo ndi dzina la msilikali. A nkhondo yachiwiri amene Angelezi ankapereka ambiri analibe dzina. Komanso imodzi mwatsukayo mwatsukira chani?

Chimwemwe cha Ambuye:
Zinthu za kunkhondo zimakhala ndi magazi a anthu, ndi chifukwa chake simukugona. Pitani nazo kwa abusa akazipempherere kaye. Ife kwathu kunali chipewa cha agogo cha usilikali, ana amangodwaladwala mpaka tinachiotcha.

Mdzukulu wa Sajeni:
MUNAOTCHA?? Ambuye akukhululukireni ndithu. Chipewa chimene munthu anavala poteteza moyo wake inu nkuyatsa moto, ana ankadwala malungo amenewo mukanagula neti.

Kamnyamata ka pa Ndirande:
Phulusa ndi ndimu asisi, kapena Brasso, mawa ziwala ngati galasi. Mukamaliza mundibwereke imodzi ndikavinire beni.

Aphunzitsi opuma:
Ayi ayi, phulusa, mchenga, sitiliwulu, ndimu, Brasso, zonsezo ayi. Zimapala chitsulo, nkhope ya mfumu George ndi zilembo zimafufutika ndipo sizibwereranso. Kuda kuja kwa ukalamba si litsiro, odziwa amafuna mendulo ili choncho. Nyenyezi zija ndi za mkuwa wosakaniza nchifukwa chake zikanyowa zimabiliwira. Tengani kansalu kofewa ka thonje kouma mupukute pang'onopang'ono, pobiliwirapo gwiritsani kamswachi kofewa ka mwana, basi.

Wobisa dzina:
Zikomo nonse. Kungoti amalumewo dzulo atumiza mwana wawo kudzafunsa thiranki, akuti ndi ya mbumba ndipo mwini mbumba ndi iwowo. Chikhalirecho agogo akudwala sanabwereko olo ndi shuga wa paketi imodzi. Ine mtima ukundiwawa kwambiri abale.

Mayi a Mapasa:
Mwaona? Ndinanena ine. Apatseni thiranki yopanda kanthu, kachitini mukasungitse kwa mnzanu wa kumpingo.

Mlamu wa Aliyense:
Inu samalani ndi ogulawo. Kwathu ku Mulanje kunabwera anthu ofuna ma ayironi a makala akale ndi ndalama zobowola zija, amati muli mankhwala a ndege. Bambo anga anawapatsa ayironi ya agogo akuti tikayeze ku Limbe tibwera ndi ndalama, mpaka lero chaka chachisanu. Munthu wokuimbira daily waona kanthu kamene iwe sukukaona.

Wa ku Joni:
Koma tinene zoona, ngati ali a nkhondo yachiwiri opanda dzina ndalama yake si yoti mungamangire nyumba. Anapangidwa ambirimbiri, kuno ndimawaona pa flea market atangowaunjika m'mbale. Amene amakwera mtengo ndi a dzina, makamaka ngati pali mapepala ake.

Mdzukulu wa Sajeni:
Ndiye mwavomera nokha kuti agulitsa ulemu wa agogo awo pa mtengo wa thumba la feteleza. Azungu anawagwiritsa ntchito anthuwa, pobwera malipiro awo sanafanane ndi a msilikali wachizungu olo pang'ono, ambiri anafa ali amphawi, agogo anga ankasoka nsapato pa msika ndi chala chimodzi chopindika. Chimene anatsala nacho ndi timendulo timeneti. Pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira asilikali ofera kunkhondo, ankavala jekete yawo yong'ambika pa kolala, kutimanga pachifuwa, kuima njo ngati mnyamata, ife ana tikuseka osadziwa kanthu. Lero ndikakumbuka misozi imatuluka. Anga ndinawaika mu felemu ali pa khoma pa sitting room, aliyense wolowa amafunsa ndipo ndimamufotokozera mpaka tiyi kuzizira.

Nachisale wa ku Leeds:
A Sajeni pakhoma pomwe pamafika dzuwa tinsalu timasuluka, asunthireni kumthunzi. Asisi tinsaluto musachape ndipo musataye ngakhale kothaitha, ndi timene timauza munthu kuti mendulo ndi ya kuti. Ya Burma kansalu kake pakati ndi kofiira, m'mbali buluu wakuda ndi timizere ta olenji. Ya Africa ndi kotuwa ngati mchenga, mzere wofiira pakati. Chotsani zonse mu chitini chadzimbiricho, kulungani iliyonse payokha mu kansalu koyera kuti zisakhulane, osati mu jumbo chifukwa imasunga chinyezi. Timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka mu bokosi la nsapato zatsopano ponyanimo tiwiri.

Aphunzitsi opuma:
Ndipo muyang'anenso mu thirankimo ngati muli kabuku ka usilikali, chikalata chowatulutsira ntchito kapena chithunzi. Zikakhala zonyowa musaziyanike padzuwa kapena kuzimatula mokakamiza, ziume zokha pamthunzi. Nambala ya msilikali ikapezeka mutha kukafunsa ku National Archives ku Zomba kapena ku museum ya pa Chichiri kuti akuuzeni chimene muli nacho musanalankhule ndi wogula aliyense. Koma mayi simunatiyankhebe, alipo angati ndipo munatsukira chani?

Mdzukulu wa Sajeni:
Ndipo wogulayo mundipatse nambala yake ku inbox ndimuuze mawu awiri.

Wobisa dzina:
Mapepala analimo koma anamatana ndiye ena ndinakolezera mbaula ndisanadziwe, latsala limodzi lili ndi chidindo. Foni yangayi kamera inafa, ndidikira mwana abwere ku sukulu ajambule ndi ya mnzake. Amalume aimbanso pompano akuti Loweruka akubwera ndi a mfumu.