Chifukwa chiyani oimba opera achinyamata amafunabe thandizo atamaliza sukulu?

Nabanda:
Akuluakulu, mwana wa mchemwali wanga wamaliza maphunziro a kaimbidwe ka opera (sewero lochitika moimba) kuno ku Britain, koma aphunzitsi ake akumulangiza kuti apemphe thandizo kumabungwe achifundo. Ine ndinkaganiza kuti munthu akalandira digiri ndiye kuti wakula ndipo ayambe kudzidalira. Kodi ndalamazo zimagwira ntchito yanji, nanga mabungwe odalirika ndi ati?

Bambo Phiri:
Mayi Nabanda, ntchitoyi imasiyana ndi zina chifukwa mawu a munthu amachedwa kukhwima. Woimba amatha kumaliza sukulu mawu ake akadali anthete, ndipo amene ali ndi mawu akuluakulu nthawi zambiri amafika pachimake atadutsa zaka 30. M'zaka zodikirazi amalipirabe mphunzitsi wa mawu, munthu womuimbira piyano akamakonzekera, maphunziro a Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa, komanso maulendo okayesedwa kunyumba za opera kumene sadziwa ngati akamutenga. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti wosowa ndalama amavomera kuimba mbali ya sewero yolemera pa mawu msinkhu wake usanakwane, n'kuwononga mawu amene akanamudyetsa moyo wake wonse.

Nachisale:
Bambo Phiri anena zoona. Pa za mabungwe, ku Royal Opera House ku London kuli pulogalamu ya Jette Parker, yomwe idayamba mu 2001 ndipo imathandizidwa ndi bungwe lachifundo la Oak Foundation. Osankhidwa amakhalako zaka ziwiri akulandira malipiro, akuphunzitsidwa, ndiponso akuimba mbali zing'onozing'ono pamodzi ndi akatswiri. Kulinso sukulu yosula oimba opera achinyamata ya National Opera Studio yomwe idakhazikitsidwa mu 1978, mpikisano wa Kathleen Ferrier Awards umene udayamba mu 1956, ndi bungwe la Help Musicians lomwe limathandiza oimba a mitundu yosiyanasiyana.

Bambo Mbewe:
Ife kuno ku Cape Town zipatso zake tidaziona. Pumeza Matshikiza ndi Masabane Cecilia Rangwanasha, onse a ku South Africa, adadutsa mu pulogalamu ya Jette Parker, ndipo Rangwanasha adapambana mphoto ya Song Prize pa mpikisano wa Cardiff Singer of the World mu 2021. Komabe mayi, musaike mtima pa malo otchukawa okha, popeza amatenga anthu owerengeka pomwe ofunsira ndi ochuluka zedi. Kwa ine, thandizo laling'ono lolipirira mphunzitsi kwa chaka chimodzi kapena tikiti yopitira kokayesedwa ndi limene limasunga oimba ambiri pantchitoyi, ngakhale silimveka m'manyuzipepala. Mwanayo afunsire kumabungwe angapo nthawi imodzi, ndipo awerenge bwino malamulo awo okhudza zaka zakubadwa ndi dziko lochokera.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse. Sindinkadziwa kuti mawu akhoza kuwonongeka chifukwa chofulumira. Ndikambirana ndi mayi ake kuti ife apabanja tizisonkha ndalama ya mphunzitsi wa mawu pamene iye akudikira mayankho.