Gulu lathu la ultimate likuzilala, tingaligwire bwanji kuti anthu azibwerabe?

Nkhwazi7

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Tili ndi gulu la ultimate, masewera oponyerana chimbale aja ena amangoti frisbee. M'kaundula mayina ndi ambiri, oposa 30, koma tsiku losewera amabwera ochepa moti sitikwana ngakhale timu imodzi. Atsopano amaonekera kamodzi basi. Gulu lotere mumaligwira bwanji kuti lisamwazike? Nanga anthu akachepa, masewera mumawakonza motani?

WaKumphepo

A Nkhwazi7, kaundulayo asakupusitseni. Gulu lotere limafa chifukwa palibe amene amadziwa ngati masewera alipodi. Munthu akabwera kawiri n'kupeza anthu anayi, ulendo wachitatu amayamba wadikira kaye kumva kuti anzake anyamuka. Aliyense akamadikira mnzake, bwalo limakhala mbee.

Tsiku, ola ndi bwalo zikhale zomwezo sabata iliyonse. Awiri kapena atatu adzadandaula kuti tsikulo silikuwakomera. Apepeseni, koma musasinthe, chifukwa mukasuntha kamodzi, ena onse amayamba kufunsa sabata iliyonse.

Kenako ikani nambala yodziwika: masewera alipo pakapezeka anthu 8 amene anena kuti abwera. Wonena kuti "mwina" musamuwerenge. Kuwerenga kuyambe kutatsala masiku awiri, kutsekedwe madzulo oti mawa lake ndi masewera, ndipo munthu mmodzi yekha alengeze kuti alipo kapena palibe. Polengezapo alembe mayina a obwerawo, osangoti "tilipo 9". Dzina la mnzako limakudzutsa kuposa nambala. Zolengezazi zisasakanikirane ndi nthabwala ndi zithunzi, chifukwa anthu akatopa ndi phokoso amasiya kuwerenga, n'kuphonya ndi uthenga wofunika womwe.

Pali china chimene ambiri saganizira, thumba la zida. Zimbale ndi makoni zikakhala kwa munthu mmodzi, iyeyo akachedwa onse achedwa, akadwala masewera afa. Gawani matumba awiri kwa anthu awiri. Ntchito yolengeza nayo izisinthana mwezi ndi mwezi, kuti gulu lisaoneke ngati la munthu mmodzi.

Mvula yokha siimitsa ultimate. Ziphaliwali ndiye zimaimitsa: mukamva bingu chokani pabwalo, ndipo musabwerere mpaka patatha mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Lamuloli linenedwe poyera kuti kukachita mitambo anthu asamangoganizira okha kuti lero kulibe.

Mponyi_wa_kumanzere

Ine ndiyankha funso lachiwirilo. Bwalo lonse malinga ndi malamulo a WFDF, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, ndi mamita 100 m'litali ndi 37 m'lifupi. Mbali iliyonse kuli chigawo chogoletsera cha mamita 18, pakati n'kutsala mamita 64. Limeneli analipimira anthu 7 mbali iliyonse, ndiponso matimu okhala ndi olowa m'malo. Mukaikamo anthu 4 mbali iliyonse, wothamanga kwambiri amangothawira kutali, mnzake n'kumuponyera, chigoli. Ena onse amangothamanga osachigwira chimbale, ndipo pakatha mphindi 20 onse atheratu mphamvu.

Chepetsani bwalo. Mukakhala 5 mbali iliyonse, tengani miyeso ya ultimate ya pamchenga: mamita 75 ndi 25, zigawo zogoletsera mamita 15. Mukakhala atatuatatu kapena anayianayi, mamita pafupifupi 30 ndi 20 akwana, zigawo zogoletsera mamita 5. Tepi siifunika, phazi lalitali la munthu wamkulu limayandikira mita imodzi. Makoni akhale 8, anayi pangodya za chigawo chilichonse chogoletsera.

Masewera a mpikisano amafika zigoli 15, kupuma timu ina ikafika pa 8. Inu musatero. Sewerani mpaka zigoli 5, mumwe madzi, musakanize matimu, muyambirenso. Timu ikamagonja 9 kwa 1 anthu ake amayamba kuyang'ana wotchi.

Aliyense azibwera ndi malaya awiri, oyera ndi akuda. Otuwa ayi. Munthu akamathamanga amaona mnzake ndi kona ya diso, ndipo malaya otuwa amaoneka ngati a timu iliyonse.

Chimbale chikhale cha magalamu 175, chotambalala masentimita pafupifupi 27, monga Discraft Ultra-Star. Zoseweretsa ana zopepuka zija mphepo imazitembenuza, ndipo munthu wophunzirira pa zimenezo amaganiza kuti dzanja lake ndi limene lili ndi vuto. Za disc golf, masewera ena oponya chimbale m'dengu, musayese n'komwe. N'zazing'ono, m'mphepete mwake n'mwakuthwa, anazipangira kuponya patali osati kuwakha, zimavulaza zala. Chimbale chikakhulika pamiyala kapena pakonkire chimachita timinga m'mphepete, palanipo ndi sandipepa wosalala. Musachisiye m'galimoto padzuwa kapena pansi pa katundu wolemera, chimapindika n'kuyamba kuuluka mokhota. Potenthetsa thupi, anthu awiri alionse akhale ndi chimbale chawo, osati anthu 10 kudikirira chimodzi.

MayiWaSpirit

Zonsezo n'zoona, koma vuto lalikulu lili pamene a Nkhwazi7 anena kuti atsopano sabweranso. Taganizirani tsiku loyamba la munthu. Amafika, akale akuponyerana okhaokha, wina amamufotokozera malamulo 20 nthawi imodzi, kenako amathamanga ola lathunthu chimbale osachikhudza. Abwereranji?

Pakhale munthu wosankhidwiratu wolandira alendo, amene amutenge watsopanoyo pambali kwa mphindi 10. Ayambe ndi backhand, kuponya kumbuyo kwa dzanja kutatsogola, atatalikirana mamita 5 mpaka 8. Cholakwika cha pafupifupi aliyense n'kuponya ndi mkono wonse. Chimbale chimakhazikika m'mwamba chifukwa chozungulira, ndipo kuzungulirako kumachokera pamfundo ya dzanja. Chikamagwedezeka, ndiye kuti sichikuzungulira mokwanira. Chikamakwera n'kubwerera kumene chachokera, ndiye kuti kutsogolo kwake kunadzuka pochisiya. Powakha agwiritse ntchito manja onse, lina pamwamba lina pansi ngati akuwomba m'manja. Forehand, kuponyera cham'mbali chikhatho chitatsogola, idikire sabata yachiwiri kapena yachitatu. Imafuna chala chapakati chitsamire mkati mwa mphepete, ndipo imakhumudwitsa poyamba.

Malamulo a tsiku loyamba ndi ochepa. Wagwira chimbale, ima, phazi limodzi lisachoke pamalo. Wa timu ina wokulondera akaima pasanapitirire mamita 3 amawerenga mpaka 10, uponye asanafike. Chikagwa pansi, chikatuluka kunja kapena wa timu ina akachiwakha, chapita kwa iwo. Kugundana kulibe. Chigoli n'kuwakha m'chigawo chogoletsera. Zina aziphunzira zikachitika.

Pamasewera oyamba ikani lamulo lanulanu loti chigoli sichiwerengedwa mpaka aliyense wa timuyo atachikhudza chimbale. Akale adzang'ung'udza, koma lamuloli limawaphunzitsanso kuponya mofewa. Watsopano alonderane ndi wofanana naye liwiro, ndipo ngati pali amayi ndi abambo, mayi alondere mayi mnzake pamene zingatheke. M'mipikisano yosakaniza timu imakhala ndi abambo 4 ndi amayi 3, kapena amayi 4 ndi abambo 3.

Musaiwale kuti masewerawa alibe woimbira. Chiyambireni 1968 kusukulu ya Columbia High School ku Maplewood, New Jersey, ku America, osewera amaweruza okha, chimene amati Spirit of the Game. Wina akanena kuti wachitiridwa faulo mnzake n'kukana, chimbale chimabwerera kwa amene anaponya, masewera n'kupitirira. Gulu limene lili ndi munthu mmodzi wokalipa pa faulo iliyonse limataya anthu mwakachetechete, sakuuzani chifukwa chake. Ameneyo mulankhule naye padera msanga. Pomaliza imani mozungulira, matimu atasakanikirana, mutchule mayina a atsopano ndi kunena za sabata yamawa onse akumva.

Nkhwazi7

Zikomo nonse. Nanga onena kuti abwera akakhala 7, nambala ili 8, tilephereretu?

Mponyi_wa_kumanzere

Apa ndisiyana pang'ono ndi a WaKumphepo. Gulu likadali lofooka, 8 yachuluka. Ikani 6, chifukwa atatuatatu pabwalo laling'ono ndi masewera enieni, ndipo aliyense amachigwira chimbale kambirimbiri. Mukakhala 7, mmodzi azipuma n'kulowa chigoli chikachitika, kapena azisewerera timu iliyonse imene ili ndi chimbale. Kulephereka kwa masabata awiri otsatizana kumawononga kwambiri kuposa masewera a anthu ochepa.

WaKumphepo

Ndavomera, 6 poyambira. Muikweze pokhapokha mukaona kuti mwezi wonse mukupitirira 10.

Mayina ogona m'kaundula aja musawadzutse ndi uthenga wa onse. Agawaneni, aliyense wokhazikika atenge awiri kapena atatu n'kuwaitana payekha. Muwaitanire chinthu chooneka, monga mpikisano wa hat: aliyense amalembetsa payekha, amadzipatsa mlingo kuyambira 1 mpaka 4, mayina amaikidwa m'magulu malinga ndi mlingowo, kenako mumatola mwamaere kuti timu iliyonse ipeze akale ndi atsopano mofanana. Anthu 15 akwana matimu atatu a anthu 5, masewera a mphindi 20, timu imodzi ikupuma pamene ziwiri zili m'bwalo. Tsiku lake lilengezedwe kutatsala masabata atatu, ndipo lichitikire pabwalo lomwe lija, pa ola lomwe mumasewera sabata iliyonse.