Dashcam ikukana kuonetsa pa TV, ndalakwitsa pati?

Bambo_a_Tiya: Abale thandizeni. Dzulo wakabaza wandikhula galimoto yanga ya Sienta cha ku Mchesi n'kuthawa, mwamwayi kadashcam, kakamera kojambula msewu ka m'galimoto, kanali koyaka. Koma kasikirini kake nkakang'ono zedi namba sikuoneka, ndiye ndapita ku msika wa Tsoka ndagula chingwe cha AV chamitu itatu chija, yelo, yoyera ndi yofiira, ndalumikiza ku TV ndaika pa AV koma ikungolemba no signal. Andigulitsa chingwe chakufa kapena vuto ndine?

FundiWakuBiwi: Bwana musanapange china chilichonse zimitsani kamerayo muchotse memory card. Timakamera iti timajambula mozungulira, kadi ikadzadza imayamba kufufuta mavidiyo akale, ndiye mukamangoiyatsayatsa pa sitingirumu ikujambula denga lanu uku ikudya umboni. Kenako onani zomwe zalembedwa pa kabowo mwalowetsa chingwepo. Zambiri zotchipazi kabowo ka 2.5mm nka AV-IN, kolandirira kamera yakumbuyo, sikatulutsa chithunzi ayi. Pofunika palembedwe AV-OUT kapena TV-OUT.

Nachisale_25: Ngati ndi AV-OUT musathamangire kukakangana ndi anyamata a ku Tsoka achimwene. Zingwezi mkati sizifanana, ine yanga chithunzi chimatulukira pa mutu wofiira osati wayelo, yesani mutu uliwonse pa bowo layelo la TV palibe chingapse. Mu menu ya kamera, pa mtundu wa siginolo ya TV, musankhe PAL, ikakhala pa NTSC ma TV ena akale amaonetsa zakuda ndi zoyera kapena chithunzi chimangogudubuzika. Komanso ipatseni moto ndi chaja ya foni ya 5V, batire la kamerayo silichedwa kutha.

Kondwa_Kanengo: Koma olo zitheke namba simuiona bwino man. AV ndi zanthawi ya ma deki, PAL imathera pa mizere 576 pomwe kamera mwina yajambula 1080p, ndiye mukungokulitsa chithunzi chosawala. Gulani card reader, nzotchipa, mulowetse pa USB ya TV. Ikakana kutsegula fayilo, poti ma TV ena amakana mafayilo a MOV kapena AVI, ikani pa laputopu muziimitsa vidiyo pang'onopang'ono. Mukopere ndi pa flash musanapite ku polisi, kadi yeniyeniyo musamayende nayo.

Bambo_a_Tiya: A Fundi mwalasa, ndaunika ndi tochi palembedwadi AV-IN, chingwe chija ndangotaya ndalama. Ndabwereka card reader kwa mwana wa aneba, vidiyo ilipo yonse ikuoneka mbee pa TV, ngakhale jekete lofiira la wakabazayo. Koma abale njingayo ilibe ndi namba yomwe kumbuyo, pangolendewera kansanza basi.

Nachisale_25: Kkkkk pepani achimwene. Yambirani pa siteji ya akabaza pomwe anakukhulanipo, muwaonetse atcheya awo kavidiyoko, amadziwana onse amene aja.