Ndiwo za pa Khirisimasi kwa Agogo

Awa ndi mauthenga omwe tinkalemberana pabanja pathu pokonzekera Khirisimasi.

Mayi Aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Dzulo ndinayankhula ndi amayi pafoni. Zokumana kumudzi pa 25 December zidakalipo monga tinapanganira. Koma apempha chinthu chimodzi: mbuzi isaphedwe chaka chino. Ili ndi bere, komanso kuchipatala anawauza kuti achepetse mchere ndi nyama yonona chifukwa cha BP. Akufuna tidzadye za m'dimba mwawo, tonse mphika umodzi.

Amalume: Achemwali, Khirisimasi ya masamba? Anthu apamudzi adzati chiyani, ana onse abwera kuchokera m'tawuni osapha ngakhale nkhuku? Nyama ndigula ine, amayi tidzawaphikire zawo padera.

Mayi Aang'ono: Achimwene, zapaderazo ndi zomwe akukana. Ndimakhala nawo ndine. Chiyambire mwezi wa July ndimawaphikira kamphika kawokawo, ndipo amangonyomola kawiri katatu n'kusamba m'manja, maso ali pa mbale za ana. Sabata yatha ndinaphika nkhwani wotendera wa nyumba yonse, mchere pang'ono, tinakhala nawo pamphasa. Anamaliza mitanda iwiri.

Achemwali a ku Joni: Amalume, pepani, ine ndili mbali ya agogo. Amuna anga paja ndi a Seventh Day ndipo sadya nyama, chaka chatha anavutika kukana mbale uku akuopa kukhumudwitsa anthu. Komanso kuno ku Johannesburg timangodya sipinachi ndi kabichi. Luni ndinamulawa komaliza ndisanakwatiwe. Mayi aang'ono, m'dimbamo muli chiyani panopa?

Mayi Aang'ono: Mpiru mabedi awiri, repu bedi limodzi, ndaokera sabata yathayi ndiye pofika tsikulo adzakhala atathyoledwapo kale. Maungu tinadzala pafupi ndi chitsime kumapeto kwa October, ayamba kuyanga. Bonongwe, luni ndi chisoso sitidzala, mvula ikangogwa kawiri zimamera zokha kuseri kwa khola komwe kuli manyowa. Mfutso wa chitambe ulipo zikwatu zinayi, zapachikidwa kukhitchini pamwamba pa moto. Vuto ndi matimati. Mvula ikayamba masamba ake amapserera, ndipo pamsika amakwera mtengo. Vuto lina ndi mpanda. Mbuzi zabowola mbali ya kumtsinje, ndangotsekapo ndi minga.

Ine: Matimati ndi anyezi tidzagula pa Lizulu pobwera kuchokera ku Lilongwe pa 23. Tidzatengenso nyemba za kholophethe pomwepo?

Mayi Aakulu: Tenga makilo asanu, mwanangu. Atatu tidzaphika wamba, awiri achipere. Zachipere tidzaviika usiku wa pa 24, m'mawa atsikana adzazisupula makoko. Ndi ntchito yotenga nthawi koma pagulu imatha msanga.

Azakhali: Nkhwani ndidzaphika ine. Mundisungire soda.

Ine: Azakhali, mundikhululukire, soda ija isalowe mumphika wa agogo. Ili ndi sodium, yemweyo ali mumchere amene adokotala akuletsa. Imaphanso mavitamini ena a m'masamba.

Azakhali: Nanga afewa bwanji opanda soda? Tidzadya zokhakhala pakhosi.

Mayi Aang'ono: Alamu, amafewa. Amayi anandiphunzitsa chaka chino. Mumathyola nsonga ndi masamba awiri oyamba okha, anthete, m'mawa dzuwa lisanawombe. Musadzule bwinobwino, minga yonse ya kuphesi ichoke, mutsuke musanadule. Madzi akhale ochepa, ongokwanira pansi pa mphika, ndipo awire kaye masamba asanalowe. Akangonyala muike matimati pamwamba, kenako nsinjiro, osatakasa. Muvindikire, moto muphule nkhuni imodzi. Nsinjiro ikapsa ndi nthunzi ndiye mutakase ndi mthiko, mudzamva fungo lake lasintha, lauwisi lija latha. Mukaponyamo timaluwa ta maungu ndi timaungu tanthete todulidula, ndiwo zake simungazisiye.

Azakhali: Chabwino, ndidzayesa. Koma therere lopanda chidulo ndiye ayi.

Mayi Aang'ono: Lathererelo tidzacheza chidulo cha zitsononkho, kamphika kamodzi, ofuna adzapungula.

Achimwene a ku Blantyre: Ine ndibweretsa mpunga wa Kilombero wa ana, makilo 10. Nsinjiro ndigule yam'mapaketi?

Mayi Aakulu: Ayi, yam'mapaketi sudziwa inasinjidwa liti, ina imawawa. Tigule mtedza panopa, poti mvula ikagwa wonse upita kumunda ngati mbewu. Tidzasankha tokha pa lichero, wonyala ndi wachuku titaye, ndi umene umadwalitsa chiwindi. Mtondo wa amayi udakali wolimba. Tidzasinja m'mawa womwewo, yotsala idzalowa mu futali wa kadzutsa ngati mbatata ipezeke.

Achemwali a ku Joni: Bowa adzakhala atayamba? Utale wotendera, mayo ine!

Mayi Aang'ono: Zitengera mvula. Akapezeka ndidzazula ndekha ndi amayi, iwo amamudziwa. Ana asapite okha kutchire, bowa wina amafanana ndi utale koma amapha.

Mayi Aakulu: Achimwene mwangoti zii. Tikudikira mawu anu, mwini mbumba ndinu.

Amalume: Ndikuwerenga. Ndinene zoona, achemwali. Masamba okhaokha amandikumbutsa njala ya 2002, pomwe tinkadya chisoso chofwafwaza popanda nsima, amayi akunamizira kuti akhuta kuti ife tidye. Ndinalumbira mumtima kuti ndikadzayamba ntchito sadzadyanso chikondwerero chopanda nyama. N'chifukwa chake zikundivuta.

Mayi Aang'ono: Ndawawerengera uthenga wanu, ali pompano pakhonde akusenda nandolo. Akhala chete kanthawi. Kenako akuti ndikuuzeni kuti chaka chija masambawo ankatola kutchire ndi misozi, awa adzala okha, kuthirira okha ndi kheni m'mawa uliwonse, ndipo akufuna mwana wawo adzaone dimbalo ndi kudya za m'manja mwawo. Akutinso chipere chija munkanyambita mbale muli wamng'ono adzakuphikirani okha, wina asachikhudze.

Amalume: Ndamva. Auze kuti ndamva.

Achimwene a ku Blantyre: Ndiye zopereka zikhala bwanji?

Mayi Aakulu: Nyumba iliyonse K15,000, mutumize kwa mayi anu aang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba isanafike 30 November. Ndi ya mtedza, mafuta ophikira botolo limodzi, shuga ndi chigayo. Ufa ukhale wa mitundu iwiri, woyera ndi mgaiwa, amayi panopa akudya mgaiwa. Chimera cha thobwa ndiviika ine. Mango kumudzi adzakhala ali mbwee, musagule zakumwa zambiri.

Achemwali a ku Joni: Yathu titumiza Lachisanu. Mbewu ya luni mundisungireko m'kabotolo, ndikayese kuseri kwa nyumba kuno.

Amalume: Mtedza musachotse pa zoperekazo, ndigula ine ndowa imodzi. Loweruka ndibwera ndi waya ndi misomali tidzakonze mpandawo mbuzi zisanamalize mpiru. Mlongo, upeze anyamata awiri adule mitengo Lachisanu, ndidzafika ndi basi yam'mawa.