Thandizo: ma VM atsopano akukana kulembetsa pa Puppet 8

Moni nonse pagulu pano. Ndimayang'anira maseva a kakampani kena ku Moatize. Timagwiritsa ntchito Puppet, pulogalamu yokonza makina ambiri kuchokera pa seva imodzi. Loweruka ndinachotsa Puppet 7 n'kuika 8, ndinayamba ndi seva kenako ma agent, mapulogalamu a pa makina aliwonse olandira malangizo kwa sevayo. Chiyambire tsikulo tulo sindikutiona.

Makina akale akulumikizana ndi seva bwinobwino, koma catalog, mndandanda wa malangizo omwe seva imakonzera makina, ikukanika, akuti Unknown variable: '::osfamily'. Chachiwiri ndiye chandizunguza mutu. Ndapanga ma VM (makompyuta oyendera mkati mwa kompyuta ina) atatu pa Proxmox, pulogalamu yoyendetsa ma VM, pokopera template imodzi, koma ndikalemba puppetserver ca list sipakuoneka pempho la chiphaso (certificate) ngakhale limodzi loti ndisainire. Port 8140, yomwe ma agent amafikira pa seva, ndi yotsegula, ndayesa. Bwana akufuna makinawa agwire ntchito Lolemba. Ndiyambire pati?

Wa ku Ulongwe: Achimwene, template yanuyo munayendetsapo agent musanaikopere? Tsegulani puppet.conf muone ngati muli mzere wa certname, dzina la makina pa chiphaso.

Wofunsa: Ulimo. Onse atatu ali ndi dzina la template.

Wa ku Ulongwe: Ndiye vuto ndi limenelo. Onsewo akupita kwa seva ndi chiphaso chimodzi chosainidwa kale, apempherenji china? Imitsani agent, chotsani mzerewo, perekani hostname yakeyake pa makina aliwonse, mufufute zonse za mu /etc/puppetlabs/puppet/ssl. Pa ma VM okha! Mukafufuta za CA, yosaina ziphaso, pa seva mudzalira, makina onse adzafunika kusainidwanso. Kenako puppet agent -t, pa seva puppetserver ca sign --certname ndi dzina lake. Template nayonso muitsuke, apo ayi mudzabweranso pano mwezi wamawa.

Mayi wa ku Songo: Za osfamily zija si kuti mwaononga kanthu, bambo. Agent wa 8 satumizanso ma fact (zofotokoza za makina) akale ngati osfamily, ndipo seva ikapeza variable yosadziwika imaima pompo, pomwe 7 inkangochenjeza. Lembani $facts['os']['family'] m'malo mwake. Ngati ma manifest, mafayilo a malangizo a Puppet, ndi ambiri, ikani include_legacy_facts = true pa ma agent kuti mupume kaye. Koma ndikudziwa anthufe, "kaye" ameneyu amatha zaka.

Wofunsa: Zikomo mayi, akale aja ayenda. Mwa atsopano awiri alembetsa. Wachitatu ndasaina koma akuti certificate is not yet valid.

Mayi wa ku Songo: Imeneyo ndi wotchi. Lembani timedatectl pa onse awiri, VM ndi seva. Ngati VM yatsalira kumbuyo, kwa iyo chiphasocho nthawi yake sinakwane. Ikani chrony, pulogalamu yokonza wotchi.

Wofunsa: Inatsalira kumbuyo kwambiri, wina anaika nthawi yolakwika pamanja. Wina wakeyo ndine. Nanga ndingoyatsa autosign, seva izisaina yokha, kuti ndisamavutike?

Wa ku Ulongwe: Osaika * mu autosign.conf, aliyense wofika pa 8140 adzalandira chiphaso. Makina atatu okha, sainani pamanja achimwene.