Za njinga yamoto ija, ndinagula

Paja ndinakufunsani ngati n'kwanzeru kugula njinga yamoto yopitira kuntchito, poti ndimakhala ku Luchenza koma ndimagwira ntchito pa Mulanje boma, ndipo maminibasi ankandichedwetsa podikira kuti adzaze. Ambiri munati ndigule, ena munandichenjeza za ngozi. Zikomo nonse.

Ndinapeza ya 125cc, yoyendapo kale. Laisensi, nambala ndi inshuwalansi zonse ndinakonza, moti pa rodibuloko mtima sugunda. Kuntchito sindichedwanso.

Koma chiperoni, abale! Icho palibe amene ananditchulira. Mu Juni chifunga chikatsika kuphiri, msewu wa M2 umaterera, galasi la helemeti limachita nthunzi, zala zimauma mpaka buleki kukanika kugwira bwino. M'mawa wina pa Chonde ndinatsala pang'ono kuomba mayi wosenza nkhuni amene anangotulukira m'chifungamo. Ndinaima pambali, miyendo ikunjenjemera, ndikuganiza za ana ake ndi anga omwe.

Chichitikireni zimenezo ndinagula magolovesi ndi jekete yowala, ndipo nyali ndimayatsa ngakhale masana. Kukacha ndi chiperoni chenicheni njinga ndimaisiya pakhomo n'kukwera minibasi. Mayi a kunyumba ndiwo anayamba kunena zimenezi, ndipo sindinawatsutse.