Turbo yaikulu ndiyo mankhwala, kapena ndingotaya ndalama?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo ndisanachite chinthu chodzanong'oneza nacho bondo.

Ndili ndi Golf 4 ya dizilo, 1.9 TDI, injini ya ALH ija ya 90 hp. Turbo ndi yomwe inabwera nayo, VNT15, ndipo galimoto yayenda makilomita oposa 280,000. Pamsewu wathyathyathya ilibe vuto. Koma ikangoona chitunda, mkati muli anthu anayi ndi katundu, ndimatsika mpaka giya 3, moto nditaponda mpaka pansi, kumbuyo kukufuka kautsi kakuda. Kawiri konse mphamvu zinangotha mwadzidzidzi ndili pakati popitirira lole. Ndikaima, kuzimitsa, n'kulizanso, imabwerera mwakale ngati palibe chachitika.

Makaniko wanga akuti turbo ndi yaing'ono, tiikepo yokulirapo, VNT17, basi nkhani yatha. Ndinawafunsa za ma nozzle (timilomo topopera dizilo mu injini) ndi kompyuta ya injini, anangoti "zimenezo n'za pambuyo, bwana." Apa ndi pamene mtima wanga wakayikira. Ine ndimadziwa kuti turbo imangokankhira mpweya wambiri mu injini. Nanga mpweya wokhawokha popanda mafuta owonjezera, mphamvu zichokera kuti? Sindikufuna ya mpikisano ayi, ikangofika cha m'ma 130 hp n'kumakwera mtunda osalira, ine ndakhutira. Amene munasinthapo, munayambira pati? Ndipo clutch inapirira?

Membala wina: Achimwene, musagule kaye chilichonse. Zoti mphamvu zimatha kenako zimabwerera mukalizanso, imeneyo ndi limp mode. Kompyuta ikuona kuti boost (mphamvu ya mpweya womwe turbo ikukankha) yapitirira kapena yaperewera, ndiye ikudula mphamvu kuti iteteze injini. Pa turbo za VNT nthawi zambiri ndi timapiko tam'kati towongolera utsi wozunguza turbo tagwidwa ndi mwaye, sitikuyenda bwino. Apo ayi, ndi valavu ya N75 (yolamulira timapikoto) kapena timapaipi ta vacuum tang'ambika. Galimoto yanuyo panopa ngakhale 90 yakeyo sikuikwanitsa. Ikani makina muwerenge ma code, muonenso boost yomwe kompyuta ikupempha ndi yomwe ikubweradi.

Wina wa zadizilo: Ndikugwirizana nawo. Tsegulaninso intake manifold (njira yolowera mpweya mu injini) muone. Pa makilomita amenewo, EGR (valavu yobwezera utsi mu injini) imakhala itadzaza phula moti bowo lotsala chala chokha ndi chomwe chingalowe. Utsi wakudawo ukutanthauza kuti mafuta alipo koma mpweya ukuchepa. Paipi ya intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) ikaboka pang'ono zimachitanso chimodzimodzi, mumamva ngati kamluzu mukaponda.

Tsono za funso lanu lenileni. Mwalasa pomwe mwati mpweya wokha supereka mphamvu. Pa dizilo mphamvu ndi mafuta, turbo ntchito yake ndi kupereka mpweya wokwanira kuti mafutawo apse bwino. Mukaika VNT17 osakhudza kompyuta, galimoto ikhoza kukhala yaulesi kuposa panopa ikamanyamuka, chifukwa turbo yaikulu imachedwa kudzuka, imafuna utsi wambiri kuti izungulire. Ine ndikanayamba ndi remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini) pa turbo yomwe ilipoyo, kenako ma nozzle, kuchoka pa a mabowo a .184 mm kupita pa okulirapo a .205 kapena .216. Pamenepo muli kale pafupi ndi pomwe mukufuna. VNT17 imabwera pamene yaing'onoyo yayamba kukakamizidwa mopitirira, ikutenthetsa mpweya m'malo mowonjezera. Ndipo ikabwera imafuna remap yakeyake, nthawi zambiri ndi MAP sensor (choyeza boost) ya 3 bar.

Membala wachitatu: Clutch musaiwerengere n'komwe. Yanga inayamba kuterereka pa giya 5 sabata yomweyo nditachita remap, rev ikukwera koma liwiro lili pomwepo. Chomwe chimaipha ndi torque (mphamvu yopotokola, yoyezedwa mu Nm), osati hp. ALH imatuluka ndi 210 Nm, mukawonjezera kwambiri mbale yakale ija imagonja. Ikaninso geji ya EGT (yoyeza kutentha kwa utsi) ngati mumakoka katundu pa mitunda italiitali, kutentha kwa utsi ndi kumene kumasungunula ma piston mwakachetechete.

Membala wina: Chinanso, mukadzasintha turbo iliyonse, paipi yobweretsa oyilo musabwezeretse yakale. Chinthu chozungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi sichichedwa kufa oyilo akachepa.

Mwini funso: Zikomo kwambiri madala. Ndachokera koika makina. Yatulutsa code ya overboost (boost yopitirira muyezo), ndipo kamtengo koyendetsa timapiko kaja kakulimba, kuchita kukankha ndi mphamvu. Manifold sitinatsegule, tichita Loweruka. Funso langa tsopano: timapikoto n'zotheka kutsuka turbo ili pomwepo, kapena tiichotse ndithu? Makaniko akuti mankhwala opopera amatha ntchito, koma ine ndayamba kuwamvera ndi khutu limodzi.

Wina wa zadizilo: Ichotseni. Zopopera zimakupatsani miyezi ingapo basi. Ikakhala pa tebulo mugwedezenso shaft, ngati ikusewera kutsogolo ndi kumbuyo mutiuze musanaibwezere.